Mfumu Ikamasewera, Anthu Ali ndi Ufulu Wofunsa

Pamene ndalama zimene boma la Britain limapereka ku banja lachifumu zinakwera kuchoka pa mapaundi 86.3 miliyoni pachaka n'kufika pa mapaundi 132.1 miliyoni m'chaka cha 2025/26, mkangano wakale unabukanso. Ena akuti banjali lizifotokoza poyera zimene limachita, kuyambira mahatchi amene limaweta mpaka maulendo ake okasaka nyama. Ena akuti imeneyo ndi miseche chabe, anthuwo asiyidwe, pakuti zimene munthu amachita akaweruka kuntchito ndi zake. Ine ndili mbali yoyambayo. Masewera ndi zokonda za mfumu si nkhani yam'nyumba ayi. Munthu amene sanasankhidwe ndi aliyense, amene sangachotsedwe pa chisankho, amene sayankha mafunso m'nyumba ya malamulo, koma amasamalidwa ndi chuma cha dziko ndipo akalankhula nduna zimatchera khutu, timamudziwa bwino poona zimene amachita pamene palibe womulembera zoti anene. Malire alipo, ndipo ndifika pamenepo, koma ali pa matenda ndi pa ana. Njovu, mahatchi ndi ndege zili kunja kwa malirewo.

Tiyambe ndi nkhani imene inachitikira kuno kwathu kum'mwera kwa Africa. Mu Epulo 2012, Mfumu Juan Carlos ya ku Spain inagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno ili ku Botswana, ndipo inathamangitsidwa pandege kupita kuchipatala ku Madrid. Chikanakhala kuti sinagwe, anthu a ku Spain sakanadziwa n'komwe kuti mfumu yawo inali kutchire kukasaka njovu. Nthawi imeneyo chuma cha Spain chinali chitalowa pansi. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito anali pa ulova, ndipo pakati pa achinyamata anali theka. Mabanja ankalandidwa nyumba ndi mabanki chifukwa cholephera kubweza ngongole. Choipiraipira, mfumuyo inali pulezidenti waulemu wa nthambi ya ku Spain ya WWF, bungwe loteteza nyama zakutchire. Potuluka m'chipatala inapepesa pamaso pa makamera, kunena kuti yalakwitsa ndipo sizidzachitikanso. Mu Julayi chaka chomwecho mamembala a bungwelo anavota kuti udindo waulemuwo uthe. Mu Juni 2014 inasiyira ufumu mwana wake Felipe, ndipo mu 2020 inachoka m'dzikolo n'kukakhala ku Abu Dhabi uku nkhani za ndalama zake zikufufuzidwa. Sindikunena kuti njovu yokha ndiyo inagwetsa mfumuyi. Koma ulendo uja ndiwo unatsegula maso a anthu amene kwa zaka zambiri ankaona kuti kufunsa za moyo wa mfumu ndi mwano. Atolankhani a ku Spain anakhala chete kwa nthawi yaitali polemekeza munthu amene anathandiza kubwezeretsa demokalase wolamulira wankhanza Franco atamwalira mu 1975, ndipo kukhala chete kumeneko sikunathandize dziko, ngakhale mfumuyo.

Otsutsana nane amayamba ndi mfundo imene ndimailemekeza. Amati mafumu nawonso ndi anthu. Sanapemphe kubadwira m'banja limenelo, sapuma pantchito monga timachitira enafe, ndipo kulikonse kumene apita maso ali pa iwo. Kodi n'kulakwa kuti munthu wotere akhale ndi kachinthu kamodzi kake kamene amapumirako? Si kulakwa, ndipo palibe amene akunena kuti asiye. Kufunsa ndi kuletsa n'zosiyana. Mfumu Willem-Alexander ya ku Netherlands ikusonyeza bwino kusiyana kumeneku. Mu 2017 inauza nyuzipepala ya De Telegraaf kuti kwa zaka 21 inakhala ikuyendetsa ndege zonyamula anthu za KLM Cityhopper ngati wachiwiri kwa woyendetsa, pafupifupi kawiri pamwezi. Inkavala yunifomu ya kampaniyo, kulonjera okwera pa chimkuzamawu popanda kutchula dzina lake, ndipo ambiri sankaizindikira. Anthu atamva sanakwiye. Ambiri anakondwa, chifukwa m'chipinda cha woyendetsa ndege mulibe ufumu: uyenera kukhoza mayeso, kukwanitsa maola ofunika, ndi kumvera kaputeni. Koma mfumu yomweyo mu Okutobala 2020 inanyamuka ndi banja lake pandege ya boma kupita kutchuthi ku Greece, patangopita masiku ochepa boma litakhwimitsa malamulo a Covid-19 n'kupempha anthu kuti asamayendeyende. Mkwiyo unali waukulu moti anabwerera mawa lake, kenako mfumu ndi Mfumukazi Máxima anapepesa pa kanema. Anthu ake ndi omwewo, mfumu ndi yomweyo. Pamene chokonda chake sichinkapweteka wina, anachiyamikira. Pamene chinasemphana ndi zimene anthu wamba ankauzidwa kuti apirire, anafunsa. Izi zikutiuza kuti anthu akadziwa zoona amatha kuweruza mwachilungamo, ndipo mantha akuti adzadana ndi chilichonse chimene mfumu imasangalala nacho alibe maziko.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya ndalama. Amati mahatchi ampikisano a malemu Mfumukazi Elizabeth II ankalipiridwa ndi ndalama zake, ndipo Balmoral ku Scotland ndi Sandringham ku Norfolk, kumene banjali limapumulira ndi kusaka mbalame ndi agwape, ndi malo awoawo, si a boma. Zimenezi ndi zoona. Balmoral anagula ndi Kalonga Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, mu 1852. Ndipo palibe amene angakane kuti Elizabeth ankawadziwadi mahatchi. Mu 2013 hatchi yake yotchedwa Estimate itapambana Gold Cup ku Royal Ascot, nkhope yake inawala mwa njira imene anthu sankaiona kawirikawiri pa zochitika za boma, ndipo anali woyamba kupambana chikhocho ali pampando. Komabe mawu akuti "ndalama zake" amabisa zambiri. Mu 1993 boma la John Major linagwirizana ndi nyumba yachifumu kuti mfumukazi iyambe mwa kufuna kwake kulipira msonkho wa ndalama zimene imapeza, koma chuma chochoka kwa mfumu kupita kwa wolowa m'malo mwake chisamadulidwe msonkho wa chuma chamasiye. Munthu wamba ku Britain akamwalira n'kusiya chuma chochuluka, boma limatenga 40 peresenti ya gawo lopitirira malire amene lamulo linaika. Mfumu Charles, mwana wa Elizabeth, sanalipire msonkho umenewo pa zimene anasiyiridwa ndi mayi ake mu 2022, kaya ndi Balmoral, Sandringham kapena khola la mahatchi, amene 14 mwa iwo anagulitsidwa pamsika wa Tattersalls ku Newmarket mu Okutobala chaka chomwecho. Motero chuma chimene chimatchedwa chaochao chimakhalabe chathunthu chifukwa dziko linachipatula ku lamulo limene limamanga ena onse. Dziko likakupatula chomwecho, lili ndi chifukwa chofunsa zimene ukuchita nacho chumacho.

Pali ena amene amavomera zonsezi koma n'kunena kuti zilibe kanthu, chifukwa mfumu ya masiku ano ilibe mphamvu. Amati siipanga malamulo, ndiye kaya imakonda dimba kaya kujambula, dziko silisintha. Apa m'pamene ndimasiyana nawo kwambiri, ndipo umboni ndi Charles mwiniwake. Ali kalonga, anapeza nyumba ya Highgrove ku Gloucestershire mu 1980, kenako n'kuyamba kulima mopanda feteleza ndi mankhwala a m'sitolo, nthawi imene ambiri ankaona ulimi wotere ngati zamisala. Mu 1986 atanena pa wailesi yakanema kuti amalankhula ndi zomera zake, dziko lonse linamuseka. Ine sindimuseka. Zambiri zimene ankanena zokhudza nthaka ndi kusintha kwa nyengo lero zikunenedwa ndi alangizi a zaulimi kulikonse. Koma dimba lija silinathere ku Highgrove. Mu 2015, nyuzipepala ya The Guardian itamenya nkhondo m'makhoti kwa zaka khumi, boma linakakamizika kutulutsa makalata 27 a pakati pa Charles ndi nduna, olembedwa mu 2004 ndi 2005. M'makalatamo munali nkhani za alimi, za kupha nyama zakutchire zimene zimaganiziridwa kuti zimapatsira ng'ombe chifuwa chachikulu, za mankhwala azitsamba, za nyumba zakale, ngakhale za nsomba za kunyanja zakutali. Zokonda zake zinasanduka makalata opita pa desiki ya nduna yaikulu Tony Blair, ndipo makalatawo ankayankhidwa. Mlimi wa ku Wales amene maganizo ake ndi osiyana ndi a Charles alibe njira yoteroyo. Kaya Charles ankanena zoona kaya ayi, mfundo ndi yakuti chokonda cha munthu wa pampando umenewo chimatha kulowa m'ndondomeko za boma kudzera kukhomo lakuseri, ndipo anthu anadziwa zimenezi chifukwa choti mtolankhani wina anakana kuuzidwa kuti si nkhani yake.

Mfundo ina imene imamveka kawirikawiri ndi yakuti masewera a banja lachifumu ndi utumiki, amagwirizanitsa dziko ndi kulimbikitsa achinyamata. Pano ndikuvomera zambiri. Anne, mwana wamkazi wa Elizabeth, anakhala katswiri wa ku Europe pa masewera okwera hatchi mu 1971, ndipo mu 1976 anapikisana nawo pa Olimpiki ku Montreal. Mwana wake Zara anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2006, ndipo mu 2012 ku London gulu lake linapata mendulo yasiliva imene anamuveka ndi mayi ake omwe. Hatchi siidziwa kuti wakwerayo ndi mdzukulu wa mfumukazi, ikakana kudumpha imakana basi. Harald V wa ku Norway anapikisana pa Olimpiki katatu pa masewera a maboti, ndipo Felipe wa ku Spain ananyamula mbendera ya dziko lake ku Barcelona mu 1992. Amenewa anatuluka thukuta lenileni. Koma ngati masewerawo ndi utumiki, ndiye kuti ndi ntchito, ndipo ntchito imaunikidwa. Sizingatheke kuti zikayenda bwino tiziti ndi utumiki, zikavuta tiziti ndi zam'nyumba. Kalonga William, mwana wamkulu wa Charles, amadziwika kuti ndi wochemerera Aston Villa, ndipo chimenecho ndi chake, aliyense ali ndi timu yake. Koma mu Ogasiti 2023, timu ya amayi ya England itafika mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse ku Sydney, iye anali pulezidenti wa bungwe loyendetsa mpira la FA, ndipo sanapite. Mfumukazi Letizia ya ku Spain inapita ndi mwana wake Sofía, n'kuona timu yawo ikupambana 1-0. Chaka chotsatira timu ya abambo itafika mu ndime yomaliza ya Euro 2024 ku Berlin, William analipo. Mtunda wa ku Australia ndi wautali, n'zoona, koma amene anafunsa ngati akanajomba ikanakhala timu ya abambo sanachite mwano. Anafunsa mkulu wa bungwe za ntchito ya bungwe lake.

Nkhani ya ulenje ndiyo imatikhudza ife mwachindunji. Mu 1961 Kalonga Philip, mwamuna wa Elizabeth, anawombera kambuku wamkulu wa ku India ali paulendo m'dzikolo, chaka chomwecho chimene anakhala pulezidenti wa WWF ku Britain. Wina angati imeneyo inali nthawi ina. Koma mu Febuluwale 2014 William ndi mng'ono wake Harry anapita ku Spain kukasaka nguluwe ndi agwape, kutatsala masiku ochepa kuti William ndi bambo ake akakhale nawo pa msonkhano wa ku London wolimbana ndi malonda oletsedwa a nyama zakutchire. Owateteza anati kusakako kunali kololedwa ndi lamulo ndipo nguluwe sizili pangozi yotha, ndipo pamenepo sananame. Ndiyeneranso kunena kuti Harry anagwira nawo ntchito yooneka ku Malawi mu 2016, pamene African Parks inkasamutsa njovu 500 kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Komabe taganizirani munthu wokhala m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu kapena ya Luangwa. Njovu zamudyera chimanga usiku umodzi, chaka chonse chapita. Akatchera msampha n'kugwira gwape, amamangidwa. Uthenga woti asiye kupha nyama umabwera ndi nkhope za akalonga amene iwowo kupha nyama ndi masewera a patchuthi. Kusiyana kwa malamulo a ku Spain ndi a kuno n'komveka kwa loya, koma munthu wa m'mudzi uja ali ndi ufulu wodziwa kuti womulalikirayo amachita chiyani kwawo, kuti aweruze yekha ngati uthengawo ndi wochokera pansi pa mtima.

Tsopano ndifike pa mfundo yolemera kuposa zonse, imene sindingaiyankhe mopepuka. Otsutsa amati njala yofuna kudziwa za banja lachifumu inapha kale munthu. Diana, mayi a William ndi Harry, anamwalira pa 31 Ogasiti 1997 ku Paris galimoto yake ikuthawa ojambula zithunzi, ngakhale kafukufuku anapezanso kuti dalaivala anali atamwa mowa ndipo ankathamanga kwambiri. Mu 2007 mtolankhani wa News of the World, Clive Goodman, anaponyedwa m'ndende chifukwa chomvera mobisa mauthenga a pafoni a ogwira ntchito kunyumba yachifumu. Ndipo mu 2024 tonse tinaona zimene zinachitikira Catherine, mkazi wa William. Atachitidwa opaleshoni mu Januwale n'kukhala osaoneka pagulu, pa intaneti panadzaza mabodza ochititsa manyazi, mpaka pa 22 Marichi anakhala pabenchi yekha n'kuuza dziko kuti ali ndi khansa ndipo ankafuna nthawi yoti awafotokozere kaye ana ake atatu. Zimenezo zinali nkhanza, ndipo aliyense amene anatumiza mabodza aja pa WhatsApp kapena pa Facebook anatengako mbali. Matenda a munthu, misozi yake, ndi ana amene sanafike msinkhu wosankha okha, zimenezo sizikhudza msonkho kapena malamulo a dziko, choncho si zathu. Koma nkhani yomweyi ikusonyeza pamene mzere ukudutsa. Pa 10 Marichi nyumba yachifumu inatulutsa chithunzi cha Catherine ndi ana ake, ndipo mabungwe ofalitsa nkhani monga AP, Reuters ndi AFP anachichotsa atapeza kuti chinasinthidwa pa kompyuta. Iwo anachita bwino. Sanafunse za matenda ake, anangokana kufalitsa ngati choona chinthu chimene ofesi ya boma yapereka chitakonzedwa. Kufufuza zimene ofesi ikuuza anthu ndi utolankhani, pamene kusuzumira m'chipinda cha wodwala ndi kupanda umunthu, ndipo zoipa za chachiwirichi zisagwiritsidwe ntchito potseka pakamwa ochita choyambacho.

Tisaiwalenso kuti chitseko cha kunyumba anatsegula ndi eni ake. Mu Juni 1969 BBC inaonetsa kanema wojambulidwa ndi chilolezo cha mfumukazi, momwe anthu anaona banjali likuwotcha nyama panja ku Balmoral, Philip akutembenuza masoseji pamoto. Cholinga chinali choti anthu awaone ngati banja wamba n'kuwakonda. Kuyambira pamenepo agalu aja a mtundu wa corgi, amene Elizabeth anaweta oposa 30 m'moyo wake, ambiri ochokera kwa Susan amene anapatsidwa atakwanitsa zaka 18 mu 1944, akhala mbali ya chithunzi chimene nyumba yachifumu imagulitsa. M'masitolo ake muli zidole za agaluwo. Zithunzi za ana pa tsiku lawo lobadwa zimatulutsidwa ndi ofesi yawo yofalitsa nkhani. Banja limene limaonetsa moyo wake wam'nyumba kuti lipeze chikondi cha anthu silingasankhe kuti anthu aziona zokoma zokhazokha. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Wina angafunse kuti ife zikutikhudza bwanji. Abale athu ambiri akugwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba ku Manchester, Leeds ndi Glasgow, ndipo msonkho umadulidwa pa malipiro awo mwezi uliwonse. Charles ndi mkulu wa Commonwealth, kumene Malawi ndi Zambia ali mamembala. Komanso funsoli silachilendo kwathu. Mafumu athu amalandira mswahala kuchokera ku boma, amagawa malo, amaweruza milandu. Mfumu ikadwala, anthu a m'mudzi amadziwa kusunga chinsinsi ndi kupereka ulemu. Koma mfumu yomweyo ikaletsa anthu kudula mitengo m'phiri uku matumba a makala akutuluka usiku kuchokera kuseri kwa nyumba yake, palibe amene angati imeneyo ndi nkhani yam'banja. Anthu athu amadziwa kale kusiyanitsa ziwirizi.

Ku Britain, ndalama zija zimene boma limapereka ku banja lachifumu zinakwera chifukwa zimawerengedwa potengera phindu la Crown Estate (malo ndi katundu wa mpando wachifumu amene phindu lake limapita ku boma), limene lakula kwambiri ndi malo a m'nyanja obwereketsa kwa makampani opanga magetsi a mphepo, ndipo gawo lalikulu akuti ndi lomalizira kukonza Buckingham Palace, ntchito ya mapaundi 369 miliyoni imene inayamba mu 2017 ndipo ikuyenera kutha mu 2027. Zimenezi zimalembedwa m'malipoti, aliyense angathe kuziwerenga. Chimene sichilembedwa ndi ndalama zachitetezo. Apolisi amene amaperekeza banjali ku Royal Ascot, ku Wimbledon, ku Balmoral m'chilimwe ndi ku Sandringham pa Khirisimasi amalipidwa ndi boma, ndipo boma limakana kunena kuti zonse pamodzi ndi zingati, ponena kuti kuulula kungaike miyoyo pangozi. Kuulula kuchuluka kwa apolisi pa ulendo uliwonse kungakhaledi koopsa. Koma chiwerengero chimodzi cha chaka chonse sichingauze chigawenga chilichonse kumene mfumu igone mawa, ndipo aphungu a ku Westminster ayenera kuchifuna asanavomereze ndalama za zaka zotsatira ntchito ya ku Buckingham Palace ikatha.